Windows 10 yatha, koma mleme wanga sunapite kudzala

Ndifotokoze za kachipangizo kamene kanditumikira kwa zaka zingapo tsopano. Ndikudziwa kuti aphunzitsi anzanga, alembi a m'mipingo ndi achinyamata ambiri amene anagula makompyuta a kaunjika ali ndi nkhawa imene inandisowetsa tulo ine, ndipo ena ayamba kale kuganiza zotaya makina amene alibe vuto lililonse.

Ndimaphunzitsa pasukulu ina ya sekondale yoyendera, ndipo Loweruka ndimalemba mabuku a banki mkhonde ya amayi a m'mudzi mwathu. Mu 2021 ndinagula kompyuta pashopu ina ku Lilongwe, kwa aja amaoda katundu wakale kuchokera kunja. Ndi yopyapyala ngati kope, ndipo kiyibodi yake imamata ndi maginito. Ukaichotsa kiyibodiyo umatsala ndi tabuleti, galasi lokhalokha loti uzidina ndi chala kapena kulembapo ndi cholembera chake. Ukafika nayo kunyumba n'kuilumikiza ku sikirini yaikulu, kiyibodi yanthambo ndi mausi, imasanduka kompyuta ya padesiki yeniyeni. Amayi a ku banki mkhonde anaitcha mleme, ati poti sudziwika ngati ndi mbalame kapena mbewa. Dzinalo linakanirira mpaka lero.

Ubwino wa mleme umaoneka magetsi akathima. Kompyuta ya mu ofesi ya ahedi imazima nthawi yomweyo, n'kupita nazo zonse zimene sunasunge. Wangawu sikirini yaikulu ikazima umangopitiriza ntchito pagalasi lake, batire likugwira. Loweruka ndimauika m'chikwama, n'kukakhala nawo pansi pa mtengo wa mango, amayi akuponya masheya ine ndikudina ndi chala. Muli malikisi a ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, muli mayeso amene ndakonza zaka zonsezi, muli ngongole ndi chiwongoladzanja cha amayi oposa makumi awiri. Kunena zoona, m'kachipangizo kameneka muli mbiri yanga, chifukwa ndalama za anthu zikasokonekera m'mudzi palibe amene angamve zoti kompyuta ndiyo inalakwa.

Tsono tsiku lina ndikuyatsa, panatuluka uthenga wodzaza galasi lonse wonena kuti Windows 10 ikufika kumapeto, ndipo makina angawa sangalandire Windows 11.

Kwa amene nkhanizi n'zachilendo, kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse, imene akatswiri amaitcha operating system. Ndiyo imalandira zimene mwadina, kusunga mafayilo, kulankhula ndi pulinta ndi kupereka malo kwa mapulogalamu ena onse. Ambirife tinakula tikudziwa Windows yokha, moti timayesa kuti Windows ndiye kompyutayo. Ayi ndithu. Makinawo ali ngati munda, ndipo Windows ndi mbewu imene munapeza itabzalidwa. Mukhoza kuzula n'kubzala ina, bola mundawo ukhale ndi chipata choti mulowere.

Kampani ya Microsoft inatulutsa Windows 10 mu 2015 ndipo inasiya kuisamalira pa 14 October 2025. Windows 11, imene inatuluka mu October 2021, imafuna makina okhala ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso purosesa yatsopanoko. Kwa mapurosesa a Intel, mndandanda wa ovomerezeka umayambira kwenikweni pa m'badwo wachisanu ndi chitatu, umene unayamba kutuluka chakumapeto kwa 2017. Yanga ndi ya m'badwo wachisanu ndi chimodzi. Mukayendera mashopu a makompyuta a kaunjika mupeza makina ambiri a zaka zomwezo, chifukwa ndi amene maofesi a kunja akuchotsa, ndipo akuwachotsa pachifukwa chomwechi.

Kusiya kuisamalira sikutanthauza kuti kompyuta siyakanso. Imayaka bwinobwino. Chimene chimatha ndi zigamba zimene kampani imatumiza mwezi ndi mwezi zotseka mipata imene akuba a pa intaneti atulukira. Nyumba ikadalipo, koma mmisiri wokonza maloko wasiya kubwera. Kwa ine zimenezi sizinali zamasewera, chifukwa mleme umalandira fulashi za ana asukulu ndi za kumalo osindikizirako mapepala, ndipo aliyense wogwiritsa ntchito kompyuta kuno akudziwa zimene fulashi zotere zimanyamula.

Njira zinalipo zingapo. Kugula yatsopano ndinakuchotseratu m'mutu, malipiro a uphunzitsi mukuwadziwa. Microsoft inapereka mwayi woti munthu alembetse n'kulandirabe zigamba mpaka October 2026, koma kumeneko n'kungokankhira vuto kutsogolo ndi chaka chimodzi. Mnyamata wina wokonza mafoni patauni pathu anati akhoza kukakamiza Windows 11 kulowa, ndipo n'zoona zimatheka, koma Microsoft yomweyo imanena poyera kuti makina olowetsedwa mwanjira imeneyi siwalonjeza zigamba. Ndinaona ngati ndikhala ndikulipira kuti ndibwerere pamene ndinali.

Amene ananditsegula maso ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe akuphunzira zamakompyuta ku Blantyre. Nditamuimbira foni anaseka.

"Amalume, makinawo ndi amoyo, chakalamba ndi Windows. Tiikemo Linux."

Dzinali ndinali nditalimvapo, koma ndinkaliyesa la anthu ovala magalasi amene amalemba zilembo zoyera pagalasi lakuda. Anandifotokozera kuti Linux inayambitsidwa mu 1991 ndi Linus Torvalds, yemwe panthawiyo anali wophunzira ku Helsinki m'dziko la Finland, ndipo imakonzedwa ndi anthu komanso makampani a m'maiko ambiri. Ndi yaulere, ndipo kuikopera mnzako si kuba. Anawonjeza kuti foni yanga ya Android mtima wake ndi Linux yomweyo, kutanthauza kuti ndakhala ndikuigwiritsa ntchito zaka zonsezi osadziwa. Ili ndi mitundu yambiri, monga Debian, Fedora, Linux Mint ndi Ubuntu. Wotsirizawu unandikoka chifukwa cha dzina. Anauyambitsa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004, ndipo liwu loti ubuntu la Azulu ndi Axhosa ndi lomwe ife timati umunthu.

Koma anandichenjeza kuti mileme ndi yovuta kuposa laputopu wamba, ndipo si yonse imene ili ndi chipata chija. Apa m'pofunika kubwererako m'mbuyo pang'ono.

Makina osakanizawa anachuluka mu 2012, pamene Windows 8 inabwera ndi maonekedwe opangidwira chala. Makampani anayesa zinthu zodabwitsa. Sony inatulutsa VAIO Tap 20, kompyuta ya padesiki ya mainchesi 20 yokhala ndi batire, yoti ukhoza kuigoneka patebulo ngati thireyi. Dell inabwera ndi XPS 18, Lenovo n'kubwera ndi Horizon ya mainchesi 27, tabuleti yoti kuinyamula mpaka manja awiri ndi kupuma panjira. Asus ndiye inachita kunyanya ndi Transformer AiO: ikakhala pachoikapo chake imayenda ndi Windows 8, ukazula galasi lake imatha kuyenda ndi Android. Mizimu iwiri m'thupi limodzi. Zambiri mwa zimphona zimenezi sizinakhalitse pamsika, koma ang'onoang'ono a mainchesi 12 kapena 13, onga wangawu, anakhazikika.

Nkhani imene ogula za kaunjika tiyenera kuidziwa ndi ya Surface RT, imene Microsoft inatulutsa mu October 2012. Inali yokongola, yolimba, yokhala ndi Word ndi Excel kale. Koma purosesa yake inali ya mtundu wa ARM, wonga wa m'mafoni, ndipo mapulogalamu a Windows amene tinazolowera sankalowamo. Choposa apo, loko wotchedwa Secure Boot, amene amaona kuti ndi pulogalamu iti ikuloledwa kudzutsa makina, anali wosatseguka. Anthu sanaigule monga kampani inkayembekezera, moti mu July 2013 Microsoft inalengeza kuti yaluza madola pafupifupi 900 miliyoni pa katundu ameneyu. Windows RT 8.1 inasiya kusamalidwa mu January 2023. Alipo akatswiri ochepa amene anapeza njira zolowera pawindo, koma kwa munthu wamba makinawa ndi chikomekome cha mkuyu. iPad nayo ili chimodzimodzi pankhani ya chipata: ndi makina abwino zedi, koma imayenda ndi pulogalamu ya Apple yokha, ndipo Apple ikasiya kuisamalira palibe china chimene mungaikemo. Pamene mileme yambiri ya purosesa ya Intel kapena AMD, kuphatikizapo mitundu ya Surface Pro ya Intel, imalola mwini wake kulowa ndi kusintha. Kwa wogula yatsopano ku London kusiyana kumeneku sakulabadira, poti pakatha zaka zitatu agula ina. Kwa ife amene timailandira itatha kale theka la moyo wake, nkhani yagona pomwepa.

Wanga unali m'gulu lotseguka, ndipo tinapangana kuti mphwanga abwera patchuthi. Koma ine, pofuna kumuonetsa kuti amalume ake si munthu wachikale, ndinayamba ndekha usiku wina. Ndinazimitsa makina, n'kuwayatsa nditagwira batani lokwezera mawu, ndipo ndinalowa m'chipinda cha zoikamo zake chotchedwa UEFI. Ndinapeza Secure Boot ija n'kuizimitsa. Poyatsanso, m'malo mwa chithunzi cha ana anga, panabwera galasi labuluu likufuna kiyi wa manambala 48.

Thukuta linatuluka ngakhale kunja kunkazizira. Mafayilo onse anali atatsekedwa ndi loko wa Windows wotchedwa BitLocker, amene ine sindinkadziwa n'komwe kuti ndi woyatsa. Matabuleti ambiri a Windows amabwera chomwecho, kuti akabedwa wakubayo asawerenge za m'katimo, ndipo ukasintha zinthu mu UEFI lokoyo amayesa kuti wafika ndi wakuba. Kiyi wa manambala 48 uja amasungidwa mu akaunti ya amene anayamba kulowa m'makinawo, ndipo ine sindinali nditamuonapo chigulireni. Kope la mabuku a banki mkhonde limene ndinali nalo kwina linali la miyezi inayi m'mbuyo. Ndinakhala pampando ndikuwerenga m'mutu amayi amene anabweza ngongole m'miyezi imeneyo, ndikuganiza nkhope ya apampando athu ndikamakawauza.

Ndinaimba foni pakati pa usiku.

"Amalume, musadinenso china chilichonse. Bwererani mommuja muyatsenso chimene munazimitsacho."

Ndinatero, ndipo Windows inadzuka ngati sipanachitike kanthu. Mwayi unalipo, chifukwa si nthawi zonse zimabwerera motero. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo cholakwa chinali changa ndekha. M'mawa mwake ndinakopera zonse mu fulashi ziwiri, n'kusindikiza mabuku a amayi papepala, kenako ndinazimitsa BitLocker mwadongosolo. Chopweteka n'choti mphwanga atabwera anandiuza kuti Ubuntu imalowa ngakhale Secure Boot ili chiyatsire. Mantha onse aja ndinadzigulira pachabe.

Ntchito yeniyeniyo inatitengera tsiku limodzi. Iye anabwera atakopera kale mitundu iwiri kusukulu kwawo, chifukwa Linux Mint ndi pafupifupi ma GB atatu ndipo Ubuntu imaposa asanu, zimene pa bandulo ya foni ndi ndalama ndithu. Chimene ndinachikonda n'choti Linux ukhoza kuiyesa kuchokera pa fulashi osakhudza chilichonse m'makina. Umadzutsira kompyuta pa fulashipo, umaona ngati mawu akumveka, ngati WiFi ikugwira, ngati chala chikuyankhidwa, ndipo ukazula fulashi zonse zimabwerera mwakale. Mleme uli ndi bowo limodzi lokha la USB, choncho tinabwereka kachipangizo kochulukitsa mabowo kuti fulashi, kiyibodi ndi mausi zilowe pamodzi.

Linux Mint inandisangalatsa poyamba chifukwa imafanana ndi Windows imene ndinazolowera, ndipo ndikanakhala ndi laputopu wamba ndikanasankha imeneyo. Koma nditachotsa kiyibodi, mabatani ake anali aang'ono kwa chala changa chogwira choko. Ubuntu imagwiritsa ntchito maonekedwe otchedwa GNOME, amene zizindikiro zake ndi zazikulu, ndipo kiyibodi ya pagalasi imatuluka yokha ukadina pofunika kulemba. Tinasankha Ubuntu 24.04, imene ilandira zigamba zaulere mpaka 2029. Zaka zimenezo n'zokwanira kuti batire lenilenilo litope lokha.

Tsopano ndinene chilungamo, chifukwa okonda Linux ena amalankhula ngati alaliki a pamsika. Ku mbali ya padesiki, mleme unabadwanso. Umadzuka msanga, sikirini yaikulu inagwira nthawi yomweyo, ndipo pulinta ya kusukulu inadziwika yokha popanda kusaka pulogalamu yake. Mavairasi a pa fulashi amene amabisa mafayilo n'kusiya tizithunzi tabodza amapangidwira Windows, moti pa Ubuntu ndimangowaona ali poyera n'kuwafufuta. Aphunzitsi anzanga tsopano amabweretsa fulashi zawo kwa ine ngati kwa sing'anga. Izi sizikutanthauza kuti Linux singalowedwe ndi akuba, koma zigamba ikulandira.

Ku mbali ya tabuleti ndiye kuli mabala. Tsiku loyamba ndikautembenuza choimika, zolemba zinkatembenukira kwina, mutu pansi miyendo m'mwamba, mpaka mphwanga anachita kulemba mzere wina m'kati kuti makina adziwe kumwamba ndi kuti. Cholembera chimalemba, koma kabatani kake kam'mbali sikachita kanthu. Ndikautseka osauzimitsa, batire limatsika msanga kuposa kale, choncho ndinaphunzira kuzimitsiratu. Kamera ndiye mpaka lero siigwira. Chifukwa chake n'choti makamera a m'matabuleti ambiri sali ngati a m'malaputopu akale. Amadalira kachigawo kapadera ka purosesa, ndipo mapulogalamu oyendetsa kachigawoko anapangidwira Windows. Anthu odzipereka amachita kufufuza okha mmene tizipangizoti timagwirira ntchito. Kwa amene muli ndi makina a Surface, pali gulu lotchedwa linux-surface limene limakonza zoti chala ndi cholembera zizigwira pa mitundu imene sizigwira zokha. Amagwira ntchito yotamandika, koma munthu asakunamizeni kuti zonse zidzayenda tsiku loyamba.

Word ndi Excel kulibe. M'malo mwake kuli LibreOffice, imene imatsegula mafayilo omwewo. Masamu a banki mkhonde anasamuka osataya tambala. Mayeso a masamu okhala ndi zojambula ndi amene anasokonekera pang'ono, mafunso ena anadumphira tsamba lina, ndipo ndinataya madzulo awiri ndikuwongola. Tsopano chilichonse chopita kosindikiza ndimachisandutsa PDF kaye. Ndinalimba mtima nditamva kuti boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany linalengeza mu 2024 kuti likusamutsa makompyuta ake pafupifupi 30,000 kupita ku LibreOffice ndi Linux. Ngati a Germany akuyendetsera boma, malikisi a Fomu 3 sangakanike. Komabe amene ntchito yanu imadalira pulogalamu inayake ya Windows yokha, monga ena owerengera ndalama m'makampani kapena ojambula mapulani a nyumba, yambani mwafunsa musanafufute kanthu.

Maloto oti chipangizo chimodzi chikhale cha m'manja komanso cha padesiki anavutitsa ngakhale eni ake a Ubuntu. Mu 2013 kampani yawo, Canonical, inapempha anthu kuti asonkhe madola 32 miliyoni opangira foni yotchedwa Ubuntu Edge, yoti ukailumikiza ku sikirini izisanduka kompyuta. Malonjezo anafika pafupifupi 13 miliyoni basi, ndipo foniyo sinapangidwe. Mu April 2017 kampaniyo inasiya ntchito ya mafoni ndi matabuleti, koma gulu la odzipereka lotchedwa UBports linatola pamene anasiyira ndipo likupitirizabe. Chaka chomwecho Samsung inayambitsa DeX, imene imachititsa mafoni ake ena apamwamba kuoneka ngati kompyuta ya padesiki ukawalumikiza ku sikirini. Ndimaganiza kuti kuno kwathu, kumene anthu ambiri chipangizo chawo choyamba ndi foni ndipo ndalama ya chachiwiri palibe, maganizo amenewa akanatipindulira kuposa amene anawayambitsa.

Wina akandifunsa lero za kugula mleme wa kaunjika, sindiyamba ndi kukongola kwake. Ndimamuuza afunse purosesa ndi yanji, ndi ya m'badwo uti, ndipo wogulitsa alowe mu UEFI iye akuona, chifukwa makina ena ochokera m'maofesi a kunja amabwera atatsekedwa ndi pasiwedi imene wogulitsayo saidziwa. Ayang'ane galasi cham'mbali ngati latukuka, poti batire likatupa limakankha galasi, ndipo m'makina amenewa zonse ndi zomata ndi guluu, kusintha batire n'kovuta ndiponso kodula. Kukumbukira kwake kwa RAM nako sikuwonjezereka, zimene mwagula n'zomwezo. Timatabuleti totchipa ta purosesa ya Atom tili ndi vuto lakelake: tambiri sitidzuka ndi fulashi wamba ya Linux popanda luso lapadera. Wogulitsa akakana kuti muyese fulashi yanu pashopu pomwepo, pitani shopu ina.

Tsiku logawana ndalama za banki mkhonde litafika, ndinapita ndi mleme pansi pa mango monga mwa nthawi zonse. Apampando anasuzumira pagalasi n'kufunsa chifukwa chimene mtundu wasinthira.

"Aphunzitsi, mwagula ina? Ndalama mwazitenga kuti?"

Ndinachita kuwaonetsa pakona pamene panaphwanyika chaka chatha kuti akhulupirire kuti ndi womwe uja. Masamu anagwirizana ndi a m'kope la msungichuma, ndipo aliyense analandira zake.

Lolemba likubwerali mphunzitsi mnzanga wa Jogalafe akubwera ndi wake, umene anamutumizira mchimwene wake kuchokera ku Johannesburg. Ndamuuza abwere ndi fulashi ziwiri zopanda kanthu, ndipo asakhudze batani lililonse mu UEFI mpaka atapeza manambala 48 aja n'kuwalemba papepala.